A Lawson pa Nyanja ya Eni

Pa doko lina la ku Salima, pamene maboti opita ku Mbenji amanyamukira, panalibe munthu wodziwa madzi kuposa a Lawson. Izi ankanena ndi anthu ambiri, ngakhale kuti amene ankazinena kawirikawiri anali eni akewo. Anabadwira m'banja la asodzi, anakulira pa nkhafi, ndipo pamene imvi zinkayamba anali ndi maboti a injini, makoka a chilimira ndi alovi, anyamata omugwirira ntchito pamadzi, odzaza khonde. Akayang'ana kumwamba m'mawa n'kunena kuti mwera ubwera, ngakhale mlovi wouma mutu ankakokera bwato kumtunda.

Vuto linali lakuti ulemu wa pamadziwu anakwera nawo kumtunda. Anayamba kudziwa za mpira, za ndale, za matenda a shuga, mpaka kaphikidwe ka thobwa. Munthu akawafunsa kanthu, yankho linkatuluka funso lisanathe. Koma iwo kuti afunse munthu, ankakuona ngati kuvula buluku pamsika.

Akazi awo anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo maso a bambowa anali atagwera pa mayi Eveles, namfedwa wa ku Khombedza amene ankabwera kudzapikula usipa pa thandala lawo. Anali mayi wathupi lake, wosaseka wamba, woti akanunkhiza usipa ankadziwa ngati wagona kapena ayi. A Lawson ankawaikira basela mpaka ndowa kusefukira, koma mawu enieniwo ankakanirira pakhosi ngati munga wa mlamba.

Chaka china, chilumba cha Mbenji chitatsekedwa kuti nsomba ziswane, gulu la eni maboti ndi opikula nsomba linagwirizana zopita kukaona dziko la eni. Tcheyamani wa gululo, a Anwar, Msilamu wofatsa amene ankachimva bwino Chiswahili, anapezana ndi kampani ina yoyendetsa alendo ku Zanzibar. Poyamba a Lawson anaseka. Anati ndi misala kusiya madzi pakhomo n'kukwera basi kukaona madzi. Koma atamva kuti mayi Eveles apita nawo, anakwera minibasi mwakachetechete kupita ku Salima tauni, n'kubwerako ndi chipewa chatsopano, magalasi akuda ndi nsapato zosongoka ngati mlomo wa ng'ona.

Basi isanafike ndi ku Nkhotakota komwe, anali atalengeza kale kuti Chiswahili iwo amachidziwa, poti ali mnyamata anakakhalako ku Mbamba Bay, kutsidya kwa nyanja ku Tanzania. Zokakhalakozo zinali zoona. Koma mawu amene anatsala m'mutu mwawo anali othokozera, olandirira alendo, ndi amodzi otukwana amene anali ataiwala tanthauzo lake.

Atawoloka pa sitima kuchokera ku Dar es Salaam, gululo linalandiridwa ndi wotsogolera alendo, bambo wamtali woonda dzina lake Kamal, amene ankayenda atakweza kambendera kofiira kuti anthu ake asasowane. Kamal ankalankhula Chiswahili, a Anwar n'kumamasulira. Ndiye aliyense ankaunjikana pa a Anwar ngati nkhuku pa mphale, ndipo mayi Eveles ankakhala kutsogolo kwenikweni, khutu lili tcheru. Zimenezi zinawadya mumtima a Lawson. A Anwar anali ndi banja lawo labwinobwino, koma nsanje sifunsa chikalata cha ukwati. Choncho a Lawson anasankha kumaima patali, manja ali kumbuyo, n'kumagwedeza mutu kumasulira kusanayambe, kuti onse aone kuti iwo amva kale.

Anayenda m'tinjira ta m'tauni yakale, topanikizika moti anthu awiri onenepa sangapatukirane popanda kudziwana. Anaona zitseko zogoba zokhala ndi zitsulo zosongoka, ndipo a Lawson anauza amayi a kumbuyo kuti zitsulozo n'zokolekapo makoka. Anaona akamba aakulu ngati mitondo yogubuduzika, iwo n'kunena kuti ku Senga aliko oposa amenewo, kungoti ndi amanyazi. Malo amodzi okha ndi amene pakamwa pawo panatsekeka: m'kachipinda kapansi, kotentha, kamene kale ankasungiramo akapolo. Kamal atanena kuti ena mwa anthuwo ankachokera kunyanja yathu yomwe ino, a Lawson anavula chipewa. Koma atangotuluka panja n'kupuma mpweya wabwino, nzeru zawo zinabwereranso zonse.

Nkhomaliro ya tsiku limenelo anakadyera pa lesitilanti ya m'mbali mwa nyanja. Woperekera zakudya anatchula zimene zinalipo, ndipo ambiri, atafunsa a Anwar, anasankha mpunga wa pilawu ndi nkhuku. A Lawson anatola liwu limodzi m'kamwa mwa woperekerayo.

"Pweza," anatero, akukhala pafupi ndi mayi Eveles. "Ameneyo ndi mpasa wa kuno, mayi. Dzina langosintha pang'ono chifukwa cha mchere. Lero mudye nsomba yeniyeni." Anakweza zala ziwiri.

Mbale ziwiri za msuzi zinafika zikufuka nthunzi. Mayi Eveles anavundula ndi supuni, ndipo munatuluka mwendo wofiirira, wopindika, wokhala ndi timabatani m'munsi mwake ngati malaya a mwana wasukulu. Anauyang'ana, nawonso mwendowo unakhala ngati ukuwayang'ana. Pweza uja sanali mpasa ayi, koma chinyama cha m'nyanja ya mchere cha miyendo isanu ndi itatu. Anaika supuni pansi mwaulemu n'kupempha tiyi.

Munthu wina akanaseka n'kuvomera kuti waphonya. A Lawson anati mpasa wa m'madzi amchere umatero, umamera miyendo. Anayamba kutafuna. Chinthucho chinali ngati chubu cha njinga, koma anamaliza mbale yawo, ndipo posafuna kuti chakudya chitayike pamaso pa mayi amene ankamufuna, anakokanso inayo. Operekera zakudya anayamba kuitanana. Wophika anasuzumira pawindo n'kuwakwezera chala chachikulu. A Lawson anakweza chawo, poganiza kuti anthu azindikira katswiri wa nsomba.

Mayi Eveles ndi amene anafunsa chimene anthuwo ankasekerera. A Anwar anakanda m'mutu, anayang'ana kudenga, kenako anayankha motsitsa mawu, koma osati motsitsa mokwanira.

"Akuti msuzi umenewu kuno amaukonda abambo amene angokwatira kumene. Kapenanso amene moto wayamba kuzirala. Akuti munthu womaliza mbale ziwiri sanamuonepo."

Amayi a pa tebulopo anabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka. Mayi Eveles anasuntha mpando wawo pang'ono, kutalikira.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanayamba kufunsa. Koma manyazi akalowa mwa munthu wonyada amasanduka liuma. A Lawson anatsimikiza mumtima kuti mpata wotsatira akaupeza, aonetsa gulu lonse kuti iwo ndi ndani.

Tsiku lotsatira gululo linasamukira kumudzi wina wa asodzi, kum'mawa kwa chilumbacho. Pa kadzutsa wa m'mawa mwake Kamal anaimirira n'kufotokoza nkhani imene anati ndi yofunika kuposa zonse: nyanja ya kumeneko imachoka n'kubwerera tsiku lililonse, ndipo ikamabwera siyenda ngati nkhalamba. Aliyense wofuna kuyenda pamchenga asapitirire timitengo ta alimi a ndere, ndipo akaona alimiwo akubwerera kumtunda, naye abwerere. A Anwar anamasulira zonse bwinobwino. Koma a Lawson panalibe. Anali kukhitchini, akuphunzitsa wophika ndi manja kuti tiyi saikamo tsabola. Mayi Eveles nawo panalibe, ankayanika zovala kuseri kwa chipinda chawo.

Awiriwa anakumana pakhonde, ndipo zimene anaona zinawaimitsa. Nyanja inali itachoka. Pamene dzulo lake pankaswera mafunde panali mchenga woyera mpaka kumene maso amalekezera, maboti atagona cham'mbali ngati ng'ombe zodwala.

A Lawson anamwetulira. Nkhani tsopano inali ya madzi, munda wawo weniweni. Anafotokozera mayi Eveles kuti nyanjayo yaphwa monga imachitira ya Chilwa, kuti kumeneku ndiko kusintha kwa nyengo kumene amanena pa wailesi, ndipo madziwo sabweranso mpaka mvula ya chaka chamawa. Anati anthu a kumeneko ndi aulesi, chifukwa nsomba ziyenera kuti zatsakamira m'zithaphwi kutsogoloko, zongotola ndi manja. Anawapempha kuti apite limodzi akaone. Chimene sananene n'chakuti ankafuna malo opanda a Anwar, opanda kambendera, oti munga uja utuluke pakhosi.

"Bwanji tiyambe tawafunsa a Kamal?" anatero mayi Eveles.

"Mayi, ine madzi ndinayamba kuwamwa ndisanayambe kuyamwa. Lero ndikafunse za nyanja kwa munthu wonyamula mbendera?"

Mayi Eveles anali ataona a Lawson akulakwitsa za zitseko ndi za msuzi. Koma pa za madzi anali asanawaonepo akuphonya, ndipo doko lonse likanachitira umboni. Anamanga chitenje n'kuwatsatira.

Anayenda ulendo ndithu. Mchenga unali wozizira bwino kumapazi, ndipo m'zithaphwi munali tinsomba tamawangamawanga, nkhono ndi nkhanu, zinthu zimene zinawaseketsa mayi Eveles koyamba pa ulendo wonsewo. Anafika pa minda ya ndere, pamene amayi a m'mudzimo ankamanga mitolo yawo n'kumasenza, onse nkhope zitaloza kumtunda. Ataona alendo awiri akupitirira timitengo, anayamba kuwakuwira.

"Maji yanarudi! Maji yanarudi!"

Mawuwo ankatanthauza kuti madzi akubwerera. Mayi Eveles anafunsa kuti akuti chiyani, ndipo a Lawson anati akuti takulandirani. Anawavulira chipewa n'kuwathokoza m'Chiswahili chawo chija. Mayi wina wachikulire anatula mtolo wake, analoza kunyanja, kenako anaika dzanja pakhosi pake kusonyeza pamene madzi adzafike.

"Ameneyo akugulitsa mikanda," anatero a Lawson. "Musamuyang'ane, angatikakamire."

Anafika pa kachitunda ka mchenga, kutali moti nyumba za kumtunda zinkaoneka ngati mabokosi a machesi. Pamenepo a Lawson anatsokomola, anakonza magalasi, n'kuyamba. Ananena za nyumba yawo ya malata imene inakula kwambiri chimwalirireni mayi a kunyumba. Ananena za maboti, za injini yatsopano, za kuwawa kodya wekha ngati mfiti. Mawu anali kutuluka bwino, kuposa mmene ankayembekezera, ndipo anafika pa funso lenileni, loti kodi mayiwo angalole kuti akaonekere kwa akuluakulu a ku Khombedza. Koma mayi Eveles sankawayang'ana iwo. Ankayang'ana pansi.

"A Lawson, kodi mapazi anu anyowa ngati anga?"

Madzi anali atafika mu akakolo, opanda phokoso, opanda funde, ngati wakuba wodziwa nyumba. A Lawson anatembenuka. Pakati pa iwo ndi kumtunda, pamene anadutsa pouma, panali mtsinje wotakata, ndipo diso lawo la msodzi linaona msanga kuti ukuthamanga kuposa Linthipe wa m'dzinja. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, anayang'ana madzi osadziwa chimene madziwo akuganiza.

Iwo kusambira ankatha, ndipo akanafika. Koma mayi Eveles anali munthu wa kumtunda, wodziwa nsomba ikafa basi. Pa chimenechi tiwapatse ulemu wawo a Lawson: maganizo owasiya sanawabwerere n'komwe. Anaona mwala wotumphuka chapatali pang'ono, anataya nsapato zosongoka zija, anawerama n'kuwauza mayiwo kuti akwere kumsana.

Katunduyo sanali wopepuka. Madzi anafika m'mawondo, kenako m'chiuno. Mayi Eveles ankapemphera mokweza, kutchula ana awo mmodzimmodzi, ndipo pakati pa pemphero ankapumira kuti awauze a Lawson zimene ankaganiza za iwo, za Chiswahili chawo, ndi za agogo awo amene anawaphunzitsa za nyanja. Atatsala pang'ono kufika pamwalapo, a Lawson anaponda kanthu kakuda kozungulira, kaminga ngati kanungu. Ululu unakwera kuchokera kuphazi mpaka m'mano. Liwu lotukwana la ku Mbamba Bay lija linatuluka lokha, ndipo tanthauzo lake analikumbukira pomwepo. Koma sanawagwetse mayiwo.

Pamwalapo madzi anawapezanso. A Lawson anaima ndi mwendo umodzi ndi theka, madzi ali pachifuwa, mayi Eveles atakhala pamapewa awo akukupiza duku m'mwamba. Chipewa chatsopano chinayandama n'kumapita chokha ku India.

Mwayi unali wakuti amayi a ndere aja sankagulitsa mikanda. Atafika kumtunda anathamangira kwa Kamal, ndipo posakhalitsa kunatulukira bwato la matanga lokhala ndi mapiko m'mbali, mutakwera msodzi wachikulire, Kamal ndi a Anwar. Anayamba kukweza mayi Eveles. Pokweza a Lawson anachita kuwakoka ndi lamba wa buluku, ngati kampango wamkulu, ndipo pa nthawi imeneyo n'kuti gulu lonse la ku Salima litaima m'mphepete, mafoni ali m'mwamba.

A Lawson anawagoneka pamchenga. Phazi linali litatupa, minga yakuda itathyokera m'kati. Msodzi wachikulire uja analiyang'ana, ananena mawu angapo, ndipo Kamal anatembenukira kumbali akuluma mlomo. A Anwar anamasulira ndi nkhope ya pamaliro.

"Akuti mankhwala achangu a minga imeneyi ndi mkodzo wa munthu wamkulu, wotentha. Ine monga tcheyamani wa gulu, udindo ndi wanga. Ndamwa tiyi wokwanira."

A Lawson anayang'ana a Anwar. Anayang'ana mafoni aja. Anayang'ana mayi Eveles, amene anali atafunda thaulo, akunjenjemera, maso ali pa iwo. Ndipo analankhula ndi mawu aang'ono amene palibe mlovi anawamvapo.

"A Anwar, chonde, tandifunsireni kwa a Kamal. Kodi palibe mankhwala ena?"

Analipo. Kamal anatuma munthu kukathyola papaya wamuwisi, anapaka utomoni wake paphazipo pamodzi ndi madzi a ndimu, kenako anawatengera kwa dokotala wa m'mudzimo kuti akazule zotsala. Kamal sanawanyoze. Anangonena kudzera mwa a Anwar kuti iye ntchito yake ndi kuyankha mafunso, ndipo mlendo amene amamuopa kwambiri ndi amene alibe funso.

Masiku otsala a ulendowo anzawo anakaona munda wa zonunkhiritsa zakudya, anakadya nkhanu zowotcha ndi mpunga wa kokonati, anajambulitsa ndi anyani ofiira a m'nkhalango. A Lawson anatsala pakhonde, phazi lili pa mpando. Kuchokera pamenepo anaonerera nyanja ija ikuchoka, ikubwera, ikuchokanso, mosaphonya ngati minibasi ya ku Khombedza, ana a m'mudzimo akusewera mpira pamalo pamene iwo anatsala pang'ono kusiya moyo. Mwana aliyense pamenepo ankadziwa chimene iwo sanafune kufunsa.

Pobwerera, basi inaima pa Khombedza kuti mayi Eveles atsike. A Lawson anatsika nawo akutsimphina, anawatsitsira chikwama, ndipo kondakitala akuwomba m'mbali mwa basi, anakumbutsa za funso lija, kuti yankho lake sanalimve chifukwa cha madzi.

Mayi Eveles anawayankha, osati mwaukali.

"Simunandisiye pamadzi paja, ndipo chimenecho sindidzaiwala. Msana wanu ndi wabwino, sindikana. Koma amene anandiika pamadzipo ndi inu nomwe. Kufunsira mumatha, a Lawson. Kufunsa ndiye simutha. Ine ndinaika kale mwamuna mmodzi m'manda, sindikufuna wina woti akandiike ine."

Anasenza chikwama chawo n'kulowera kumsika.

Kudoko, kanema wa m'mafoni aja anali atafika kale eni ake asanafike. Alovi sananene kanthu pamaso pa bwana wawo, koma mpaka lero, madzi akangotsika pang'ono m'chilimwe, pamapezeka wina wofunsa mnzake mokweza ngati nyanjayi ibwerenso chaka chino kapena tidikire mvula. Mayi Eveles amapikulabe usipa pa thandala la a Lawson, chifukwa usipa wawo ndi wabwino, koma basela amakana. Ndipo a Lawson, amene mwera amaudziwabe kuposa wina aliyense pa dokopo, akaona mayiwo akukweza ndowa zawo pa kabaza, amangopukusa mutu n'kumasisita phazi lija. Kudziwa kwa kwanu kumathera pa malire a kwanu, ndipo pakamwa pamene pakanatha kufunsa ndi pomwe pamadzalawa zowawa. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.